Nsima Yodula ndi Ulusi

Kalasi lathu limakumana masana, anthu akaweruka kumunda. Nyumba ya sukulu tiribe. Timakhala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa chalichi, ndipo bolodi timalitsamiritsa pa tsinde. Ophunzira alipo 23. Ambiri ndi azimai, azibambo alipo anai okha. Wamng'ono ndi wa msinkhu wathu, wamkulu anaona nkhondo zonse ziwiri. Mudzi wathu uli m'boma la Marávia, ulendo wa theka la tsiku pa njinga kucokera ku Fingoè.

Mu 2022 mwana wa m'mudzi muno anapita ku Italia kukaphunzira za ulimi. Ndi mtsikana amene tinayamba naye sukulu tsiku limodzi. Timamucha mlongo wathu, ngakhale sitinabadwe bere limodzi. Ife tinalekezera pa maphunziro a uphunzitsi wa pulaimale. Iye anapitirira ku Tete, kenaka ku Maputo, ndipo kumeneko anapeza thandizo lokaphunzira kunja. Amai ake ali m'kalasi lathu. Amakhala kutsogolo, cifukwa maso ao ayamba kufooka.

Kuno foni siigwira pali ponse. Pali kacitunda kamodzi kum'mawa kwa mudzi pamene mau amalowa. Loweruka liri lonse timakwera pamenepo. Mlongo wathu amalemba kalata pa pepala, ndi dzanja lake, m'Cinyanja, zilembo zake zikulu-zikulu, naijambula ndi foni. Ife timaikopera pa bolodi. Mabuku owerenga tiri nao asanu okha, motero makalata ake anasanduka buku lathu lacisanu ndi cimodzi.

Pa kalata yoyamba tinalakwa. Tinali ndi cimwemwe, ndipo tinaiwerenga yonse pagulu tisanaione patokha. Kumapeto kwake kunali mau akuti: "Amai, usiku ndimalira. Musauze anthu." Pofika pa mau akuti "musauze anthu," anthu onse anali atamva kale. Pansi pa mango panangoti zii. Amai aja anatola kope lao napita kwao.

M'mawa mwake tinapita kukapepesa. Tinawapeza akusinja. Sanaleke kusinja. Anati: "Aphunzitsi, mlandu si wanu. Mlandu ndi wa maso angawa, amene akaona zilembo amayesa nyerere. Cinsinsi ca mwana wanga cikudutsa m'kamwa mwa eni ake." Kale ankabwera ku sukulu mojomba-jomba. Kuyambira tsiku limenelo sanajombenso. Tinapangananso ndi mlongo wathu kuti azijambula mzere pa kalata. Za pamwamba pa mzere n'za kalasi. Za pansi n'za amai ake, ndipo tinkawawerengera kwao, awiri-wiri.

Mzinda woyamba umene anakhalamo ndi Perugia, pakati pa dziko la Italia. Kumeneko kuli sukulu yaikulu yophunzitsa alendo Citaliyana. Anayamba ngati mwana. Analemba kuti: "Anzanga a pansi pa mango, tsopano ndine mnzanu. Ndikafuna mcere m'sitolo ndimaloza ndi cala. Manyazi amene mumanena aja ndawalawa." Cipwitikizi cinamthandiza, pakuti zinenero ziwirizi n'zapacibale. Koma wacibale naye amapusitsa. Mau akuti burro kwa Apwitikizi ndi bulu. Kwa Ataliyana ndi mafuta a mkaka opaka pa buledi. Tsiku lina mwini nyumba anamfunsa ngati afuna burro pa buledi wake, ndipo iye anakana mwamantha. Tsiku limenelo kalasi linaseka mpaka ana odutsa m'njira anaima. Cilembo ca b palibe anaciiwalanso.

Perugia anamangidwa pamwamba pa phiri. Ife timamanga kumunsi, pafupi ndi madzi. Makolo ao anakwera pamwamba poopa adani, ndipo anazinga mzindawo ndi linga la miyala. Agogo ena aamuna a m'kalasi mwathu anati zimenezo si zacilendo, pakuti makolo athunso anathawira m'mapiri m'masiku a Angoni. Kusiyana kwake nkwakuti iwo sanatsikenso. Pafupi ndi sukulu ya mlongo wathu pali cipata ca miyala cimene cinamangidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, Yesu asanabadwe. Anthu amadutsa pansi pake popita kukagula ndiwo, osaceuka nkomwe. Njira zina n'zopapatiza, anthu awiri osenza mitolo sangapambane. Kwina anaikako masitepe oyenda okha, okweza anthu kucokera kumunsi. Analemba kuti tsiku loyamba anaima pambali nthawi yaitali, kuonerera mmene nkhalamba zikupondera.

Madzulo ankakonda kuima pa linga ndi kuyang'ana kutali. Anatifotokozera zitunda zotsatana-tsatana, zodzala ndi mitengo ya azitona m'mizere. Mtengo umenewu si waukulu, masamba ake ndi otuwa, zipatso zake zikunga masau. Amachola mu Okutobala ndi Novembala, nafinya mafuta ophikira. Umakhala zaka mazana. Munthu amabzala, koma wokolola bwino ndi mdzukulu. Pakati pa minda pali mitengo ina yaitali, yosongoka ngati mikondo. Patsidya la cigwa, pa nthiti ya phiri, pamaoneka mzinda wa Assisi, kwao kwa Francisco woyera. Anzake anamtengeranso ku nyanja yao yochedwa Trasimeno, akuinyadira kwambiri. Iye anayamikira mwaulemu. Koma kwa ife analemba kuti nyanja yathu ya Cahora Bassa ingameze nyanja zotere 20.

Za makhalidwe ao analemba zambiri. Khofi amamwera m'kakapu kakang'ono ngati cigoba ca dzira, ali ciimire, nkumapita. Polankhula manja sakhala pansi. Madzulo banja lonse limavala bwino ndi kuyenda pang'ono-pang'ono mumseu waukulu, osapita kuli konse, kungoonana ndi kuceza. Ici anacikonda. Cimene cinamuwawa ndi moni. Anthu osadziwana sapatsana moni m'njira. Masiku oyamba ankapereka moni kwa ali yense, ndipo ena ankamyang'ana ngati wopempha. Pa basi nthawi zina mpando wa pambali pake unkakhala wopanda munthu, ena ali ciimire. Bambo wina anamfunsa kuti anabwera pa bwato liti. Anthu ambiri a mu Africa amaoloka nyanja kucokera ku Libya ndi ku Tunisia pa mabwato osalimba, ndipo ambiri amamira. Pa 3 Okutobala 2013 anthu 368 anafa pafupi ndi cisumbu ca Lampedusa. Mlongo wathu anayankha kuti anabwera pa ndege, koma analemba kuti yankho lake lomwelo linamcititsa manyazi, ngati kuti akudzipatula kwa abale ake.

Anaonanso agalu ovala majuzi, ogona m'nyumba, koma ana ocepa. Owerengera amati azimai 10 a ku Italia amabereka ana ngati 12 onse pamodzi. Azimai 10 a ku Moçambique amabereka ana pafupi-fupi 50. Amai wina m'kalasi anafunsa kuti: "Nanga wotunga madzi ndani?" Tinayankha kuti madzi ali m'nyumba. Anafunsanso: "Nanga wokumba manda?" Pamenepo tinalibe yankho.

Koma kalata imene tinakhala nayo mwezi wathunthu ndi ya mu Januwale 2023.

Pa Khirisimasi mnzake wa m'kalasi anamtengera kwa agogo ake, kumpoto, kumapiri a kufupi ndi Belluno. Anayenda pa sitima ya pamtunda. Anadutsa cigwa cacikulu ca mtsinje wa Po, umene ndi wautali kuposa mitsinje yonse ya ku Italia, makilomita 652. Kwa ife a ku Zambezi ndi mwana. M'cigwamo anaona minda yosalala ngati mphasa, ndipo m'minda ina munali mapesi. Anapukuta galasi kuti aone bwino. Analidi mapesi a cimanga. Kenaka mapiri anayamba. Amawacha Dolomiti. Ndi miyala yotuwa, yoima cilili ngati mano, ndipo dzuwa likamalowa imafiira ngati makala. Ife kuno tinali kupalira, thukuta liri kamu-kamu. Iye anali m'cipale cofewa, coyera ngati ufa, cofika m'maondo. Analemba kuti cimagwa mopanda phokoso, ndipo cikagwa dziko lonse limakhala cete.

Agogo aja anali a zaka zoposa 80. Kwao agogo aakazi amati nonna. Anapacika mphika wamkuwa pa moto, nathiramo madzi ndi mcere. Madzi atawira anayamba kuwaza ufa wacikasu, wamisere ngati mgaiwa. Kenaka anatenga mthiko. Mlongo wathu analemba kuti ataona mthikowo misozi inalengeza. Anavundula nthawi yaitali, pafupi-fupi ola lathunthu. Sanaomole ndi cipande monga ife. Anakhuthulira yonse pa thabwa, natenga ulusi, naidula m'zigawo. Dzina lake ndi polenta. Ndiwo zake zinali nyemba, bowa ndi cizi. Ena onse anatenga mafoloko. Mlongo wathu anasamba m'manja, natema mbamu. Nonna anaomba m'manja, nati ali mwana naonso ankadya comweco.

Titawerenga pamenepa panabuka phokoso. Agogo aamuna aja anakana. Anati: "Aphunzitsi, mwanayu akutinamiza kuti amai ake asade nkhawa. Mzungu ndi nsima?" Tinawaonetsa cithunzi pa foni. Anaciyang'ana nthawi yaitali. Anati: "Yalimba bwino. Koma mcere mu nsima ai."

Cimanga si ca makolo a Ataliyana, monganso si ca makolo athu akale. Cinacokera ku America, ndipo cinafika kwao ndi kwathu pambuyo pa caka ca 1500. Kumpoto kwa Italia cinasanduka cakudya ca amphawi. Nonna anasimba kuti ali mwana ankadya polenta m'mawa, masana ndi madzulo. M'nyumba zina ankapacika nsomba imodzi youma pa cingwe pamwamba pa tebulo. Ali yense ankangokhudzitsa mbamu yake pa nsombayo kuti imve fungo. Nsombayo inkakhala masiku.

Kudya nsima yopanda ndiwo kunabweretsa nthenda yochedwa pelagra. Khungu limada ndi kusweka pamene pamaomba dzuwa: m'khosi, pa manja, pa mapazi. Munthu amatsegula m'mimba. Pomaliza mutu umasokonezeka. Mu 1881 boma la Italia linawerenga odwala oposa 100,000. Panapita zaka zambiri asanadziwe kuti cimanga pa cokha cimasowa cakudya cina cimene thupi limafuna, cimene cimapezeka mu nyemba, nsawa, nsomba ndi nyama. Tikufotokoza zimenezi, amai wina wacikulire anakweza dzanja. Iwo anathawira ku Malawi m'nkhondo yaciwiri ija. Anati: "Nthenda imeneyo ndinaiona ndi maso. Inali ngati mkanda wakuda m'khosi." Ananena zoona. Mu 1990, nsawa zitasowa pa cakudya cogawa, othawa nkhondo a ku Moçambique oposa 18,000 anadwala pelagra ku Malawi. Tsiku limenelo tinalemba pa bolodi mau atatu okha: nyemba, nsawa, kapenta. Tinanenanso cimene cimatiwawa caka ndi caka. Ogula akabwera timagulitsa nsawa zonse, ngakhale za ana, ndipo pofika Januwale ndiwo ndi mcere.

Nonna anafunsa mlongo wathu dzina la mtsinje wa kwao. Atamva kuti Zambezi, anagwira pakamwa. Mlongo wao wamkulu anagwirako nchito. Khoma la Kariba, kumtunda kwa mtsinje wathu womwewu, linamangidwa ndi kampani ya ku Italia, ndipo linatha mu 1959. Anthu 86 anafa pa nchitoyo, akuda ndi Ataliyana. Ku Kariba kuli kachalichi ka Barbara woyera kamene anchitowo anamanga. Ataliyana anali anthu a pa ulendo, othawa umphawi. Kuyambira 1876 kufika 1915 anthu ngati 14 miliyoni anacoka m'dzikolo kupita ku America ndi maiko ena. Zinali monga agogo athu amene ankapita ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni, kusiya akazi ndi makasu.

Tsopano tamverani cimene cinatsatira, pakuti ndico cinakhudza kalasi lathu koposa.

Amai a nonna sankadziwa kuwerenga. Kalata ikabwera kucokera ku Kariba ankaitenga kupita nayo kwa wansembe. Wansembe ankawerenga, iwo ali ciimire, manja ali kumbuyo. Za ndalama, za matenda, za mkazi amene mwana wao ankafuna, zonse zinkadutsa m'kamwa mwa wansembe. Pamene Italia anakhala dziko limodzi mu 1861, pa anthu 10 ali onse, oposa 7 sankadziwa kuwerenga. Pofika 1951 anali akadalipo 13 pa 100. Mu 1960 wailesi ya kanema ya boma inayamba sukulu ya akulu. Dzina la pulogalamuyo linali Non è mai troppo tardi, ndiko kunena kuti palibe kucedwa. Mphunzitsi wake anali Alberto Manzi, mphunzitsi wa pulaimale. Ankajambula ndi khala pa mapepala akulu. Ankayamba ndi mizere yosadziwika, anthu nkumaganiza kuti nciani, mpaka cithunzi cioneke, kenaka nkulemba dzina lake. Amphawi analibe kanema m'nyumba, motero ankasonkhana madzulo m'nyumba za mpingo ndi m'malo ena, kuonera pamodzi. Sukuluyo inayenda mpaka 1968. Amai a nonna anapita, ali ndi imvi, atafunda shawelo. Anaphunzira. Kalata yoyamba imene anawerenga okha anaisunga m'bokosi, ndipo nonna anaitulutsa kuti mlongo wathu aigwire.

Titafika apa, amai a mlongo wathu anati: "Aphunzitsi, bwerezani pamenepo." Tinabwereza. Anati: "Anali ndi zaka zingati?" Tinati zoposa 50. Sananenenso kanthu. Anaweramira pa kope lao.

Ife aphunzitsi tinaganiza zathu. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, pa anthu 10 ali onse, oposa 9 sankadziwa kuwerenga. Tinakula tikuganiza kuti Azungu amabadwa ndi pensulo m'manja. Sitinadziwe kuti pali agogo amoyo lero amene amai ao ankasaina ndi mtanda. Za khala lija tinaziyesa. Coko cikatha, timajambula ndi khala pa makatoni, ndipo ophunzira amalimbirana kunena cimene cikubwera.

Kalata yomweyo inali ndi mbali yowawa. M'mawa mlongo wathu anayenda m'mudzi wa nonna. Anawerenga nyumba zoposa 30, koma utsi unkatuluka pa zisanu ndi imodzi zokha. Sukulu inatsekedwa kale cifukwa ana kulibe. Pa mapiri ozungulira anaona makoma a miyala, osamata ndi dothi kapena simenti, opingasa phiri ngati masitepe. Kuseri kwa khoma liri lonse kuli kamunda kosalala. Makolo ao anatola miyalayo ndi manja, ndipo dothi lina analisenza m'madengu kucokera kumunsi. Analemba kuti: "Kukongola kumene alendo amajambula kuno ndi misana ya anthu." Koma lero makoma ambiri akugumuka, ndipo nkhalango yabwerera m'minda. Ana a eni ake ali m'mizinda ndi m'mafakitale.

Marávia ndi dziko la mapiri, ndipo miyala sitisowa. Timaitola m'munda ndi kuiunjika pa culu, mvula nkumakokolola nthaka kupita nayo kumtsinje. Ophunzira atatu anayesa kuyala miyala m'mizere yopingasa m'munda wa mmodzi wa iwo. Mzere umodzi unaphwasuka ndi mvula yoyamba, cifukwa sanaulinganize bwino. Iwiri inagwira. Pofika Epulo kuseri kwake kunali dothi lakuda lokwana cikhato. Anthu amapita kukaona, koma ambiri akuti nchito yake njowawa. Akunena zoona.

Agogo aamuna aja sanasamale za miyala. Iwo anagwira za utsi. Anati: "Mwamva? Anaphunzira, nacoka. Sukulu ndiyo inatha mudzi umenewo. Ifenso tikuphunzitsa ana kuti atisiye." Ena anawatsutsa, ena anavomera. Onse anayang'ana kwa ife. Tinati cocotsa anthu m'mudzi si zilembo. Agogo athu amene anapita ku Wankie sankadziwa ngakhale a. Cocotsa anthu ndi mseu woipa, cipatala cakutali ndi mtengo wocepa wa mbeu. Tinanena motero, ndipo tikhulupirira kuti n'zoona. Koma sitinaulule kuti ife tomwe, kandalama kathu kakacedwa miyezi, timaganiza za ku Tete. Amai a mlongo wathu anali cete, akusongola pensulo. Funso la agogo linali lao, ndipo tonse tinadziwa.

Agogowo ndi ouma mutu, koma ndi amene anatuma mlongo wathu ku Roma. Iwo anakhala zaka za nkhondo ku Ukwimi, m'boma la Petauke ku Zambia, pamodzi ndi ambiri a kuno. Tsiku lina anabwera ndi kapepala. Analemba okha, zilembo zopendama: "Mwanawe, kaone pamene anathetsera nkhondo." Anawatengera masiku atatu.

Mlongo wathu anapita. Za nyumba zikulu-zikulu za ku Roma analemba pang'ono. Anaona Colosseo, bwalo lakale lamiyala limene munkalowa anthu ngati 50,000 kudzaonera anzao akuphana. Anati mapazi anatupa. Kenaka anaoloka mtsinje wa Tevere kupita ku dera lochedwa Trastevere, nafunsa-funsa njira mpaka anafika pa kabwalo kakang'ono ka Sant'Egidio. Pamenepo pali kachalichi ndi nyumba yakale ya masisitere. M'nyumba imeneyo nthumwi za boma ndi za Renamo zinakambirana kuyambira mu Julayi 1990, kwa zaka ziwiri ndi miyezi. Ankhoswe anali anai: Andrea Riccardi, wansembe Matteo Zuppi, Mario Raffaelli wa boma la Italia, ndi Jaime Gonçalves, bishopu wamkulu wa ku Beira. Pa 4 Okutobala 1992, mu mzinda womwewo wa Roma, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina mtendere. Ndico cifukwa cake tsiku limeneli timapuma caka ndi caka. Mlongo wathu anaima pakhomo. Alendo ankadutsa akudya zozizira, osadziwa kanthu. Nkhunda zinkatola nyenyeswa. Anajambula citseko, natitumizira.

Agogo anatenga foni ndi manja awiri. Anati: "Kakhomo kameneka? Zaka 16 za nkhondo, ana anga awiri, nkudzathera pa kakhomo kameneka?" Anapempha kuti tiwalembere dzina la malowo m'kope lao. Tinati alembe okha, ife tizichula zilembo. Anang'ung'udza, koma analemba.

Maphunziro a mlongo wathu atayandikira kutha, m'mudzi munayamba manong'onong'o. Ena ankati wapeza nchito komweko. Ena ankati wapeza mwamuna. Ena ankati abwera ndi thirakitala. Loweruka lina kalata inalowa. Pamwamba pa mzere panali za mphesa, mmene amadulira nthambi m'nyengo yozizira. Pansi pa mzere panali mizere isanu ndi iwiri. Tinaphimba ndi cikhato, monga tinazolowera, ndipo madzulo tinapita kwa amai ake.

Tinakhala pa mpando. Tisanayambe, anatambasula dzanja. Anati: "Bweretsani, aphunzitsi."

Tinawakuzira zilembo, tinawapatsa foni. Anapita kukakhala pa mphasa, kuseri kwa nkhokwe, kumene kunali kuwala. Tinkaona msana wao wokha ndi cala cikuyenda pang'ono-pang'ono. Nkhuku zinalowa m'khola. Kawiri anabwera kwa ife, ataphimba mau ena onse ndi zala, kusiya cilembo cimodzi. "Ici nciani?" Coyamba cinali j. Caciwiri cinali ng'. Anabwereranso ku mphasa. Dzuwa litalowa anayatsa nyali, napitiriza. Pomaliza anatibwezera foni, napukuta m'maso ndi nsonga ya citenje. Nkhope yao sitinathe kuiwerenga. Anangoti: "Zikomo. Muyende bwino, kwada."

Lacisanu anabwera m'kalasi ndi pepala lopinda kanai. Anati ndi yankho, ndipo tikalijambule osayang'ana. Loweruka tinakwera pa kacitunda kaja. Tinayala pepalalo pa mwala, tinaikapo timiyala kuti lisauluke, tinatembenuzira nkhope ku mapiri a ku Zambia, ndipo tinadina. Mwina cithunzico cinatuluka copendama. Tinacitumiza comweco.